Pomwe agogo anaimitsa galimoto pa msewu wa ku Namwera

## Tikuchokera ku chipatala

Munali mu Ogasiti 2016. Agogo aamuna anali atagona masabata awiri ku chipatala cha pa Boma ku Mangochi chifukwa cha chibayo, ndipo tsiku lowatulutsa ndinachita hayala kagalimoto kuti asakapanikizike mu minibasi. Anakhala kutsogolo, mzuli woyera uli kumutu, ndodo ili pakati pa miyendo. Ine ndi azakhali tinali kumbuyo pamodzi ndi beseni, fulasiki, mabulangete ndi timapoto, katundu yense uja amasenza munthu wodikirira matenda.

Tinadutsa pa nsanja ya wotchi n'kukwera mlatho. Shire anali phee, asodzi awiri ali m'bwato akukoka ukonde. Chigwa chonse cha kutsidya, cha migwalangwa ndi milambe, agogo anachidutsa ali chete, ine n'kumati agona. Koma galimoto itayamba kulira ndi mtunda, titapota makona angapo kuloza kwa Chowe, anatambasula dzanja n'kugwira mkono wa dalaivala.

"Taimani apa."

"Anganga, pano n'pakona. Malole otsika amabwera moipa. Tikaime kutsogoloko."

"Ndati apa, mwanangu. Kutsogoloko kulibe chomwe ndikufuna."

Dalaivala anandiyang'ana pa galasi, ine ndinangogwedeza mutu. Anakankhira galimoto m'mbali, mateyala awiri pa phula awiri pa miyala. Ndinkaganiza kuti agogo akufuna kutaya madzi.

## Kunsi kwa phula

Tchire linali litapsa kumene, lupsa lokhalokha, phulusa likumata m'mapazi. Agogo anakana kuti ndiwagwire dzanja. Anatsetsereka pang'onopang'ono, ndodo patsogolo, mpweya ukumveka ngati mvukuto, ine pambuyo mtima uli m'mwamba kuti akagwa ndikawauza chiyani abambo. Titatsika mapazi ngati 30 tinafika posalala.

Kanali kanjira kotambalala mongokwana ngolo imodzi, kokhota motsata phiri. Misuku ndi timitengo ta mombo tinali titamera pakati pake, mwakuti wongodutsa sakanadziwa kuti panagwira manja a munthu. Koma mbali ya kuphompho kunali khoma la miyala lofika m'chiuno, losanjidwa popanda simenti kapena dothi: mwala waukulu pansi, wocheperapo pamwamba, timiyala tating'ono totsekera m'mipata, ndere zitayanga ponseponse.

Agogo anakhala pa mwala umodzi n'kuyamba kusisita wina ndi chikhatho, monga momwe munthu amasisitira mutu wa mwana wodwala.

"Msewu wa ku Namwera ndi uwu," anatero. "Uwo wa pamwambawo ndi wadzana."

Kuchokera pamenepo chigwa chonse chinali poyera: nyanja ya Malombe ili mbuu ndi utsi wa m'chilimwe, Shire akunyezimira ngati ulusi, malata a pa Boma akuthwanima. Pamwamba pa malo amenewo ndinali nditadutsapo kosawerengeka, popita ku sekondale, pokafuna ntchito ku Blantyre, pobwera ku maliro ndi ku maukwati. Kuyang'ana pansi sindinayang'anepo ngakhale tsiku limodzi.

## Nkhata

Nkhani anaiyamba m'Chichewa, koma itafika pa bambo awo analowa m'Chiyao.

Bambo awo anatengedwa ndevu zisanamere, pa nkhondo ya Ajeremani. Mesenjala wa Boma anafika kwa mfumu ndi chiwerengero cha amuna omwe mudzi uyenera kupereka. Amene ankathawira kuphiri ankawagwirira akazi awo mpaka abwere okha. Pa banja lathu anatengapo awiri, iwo ndi akulu awo. Poyamba ntchito inali yoswa miyala ndi kusanja khoma lomwe tinakhalapolo, kuti magalimoto a asilikali athe kukwera phiri. Kenako anawasenzetsa katundu, matumba a mpunga ndi ufa, mabokosi a zipolopolo, kuchokera pa doko la Fort Johnston, Mangochi wa lero, pomwe sitima zinkatsitsira, kukwera mpaka ku Namwera, n'kupitirira kulowa m'dziko la Apwitikizi.

Zaka zotsatira ndinafufuza, ndipo mbiri yolembedwa ikugwirizana ndi agogo. Mu Novembala 1917 mkulu wa asilikali a Germany, von Lettow-Vorbeck, anawoloka Ruvuma n'kulowa m'Mozambique, ndipo mu 1918 asilikali a King's African Rifles ankamulondola kudzera kuno kwathu. Linga la Fort Mangochi, lomwe makoma ake alipobe kuphiri, linali pophunzitsira asilikali. Koma msilikali sayenda ndi njala, ndipo chakudya chake chinkayenda pamitu pa anthu. Mu Nyasaland monse amtengatenga, monga ankawatchulira osenza katunduwo, anafika pafupifupi 200,000, m'dziko lomwe anthu ake onse, ana ndi nkhalamba zomwe, ankangopitirira pang'ono miliyoni imodzi.

Agogo sanawerengepo zimenezo. Chomwe ankadziwa n'chakuti pa liwombo pa bambo awo panali dazi losalala ngati chikho, pomwe nkhata inadya tsitsi osameranso. Ali mwana ankakonda kugwirapo, bambowo n'kumawachotsa dzanja mwakachetechete.

Akulu a bambo awo aja sanabwerere. Kamwazi anawagwira pa ulendo wachitatu wokwera phirili. Anayenda masiku awiri akutsegula magazi, katundu ali pamutu, chifukwa kwa kapitao wodwala anali yekhayo wagwa. Anagwa pamenepa. Mng'ono wawo anapempha kuti atsale nawo, anakanizidwa. Atatsirizika anangomupatsa kanthawi kokumba ndi mtengo kadzenje kosafika m'mawondo. Panalibe sanda, panalibe shehe, panalibe madzi osambitsira. Anaunjikapo miyala yomwe awiriwo anaiswa ndi manja awo, katundu wa malemuyo anzake n'kugawana, mzere n'kupitirira.

"Nanga manda ake ali pati, agogo?"

Analoza ndi ndodo, kuyambira pomwe tinakhala mpaka pa kona ya kumtunda.

"Pakati apa. Bambo anga omwe, pobwera ku nkhondo, anapeza mvula itasuntha miyala. Ndiye ankangoima pano. Tikamatsika wapansi ku Boma kukakhoma msonkho kapena kukagula mchere, ankatula katundu pano n'kuchita duwa. Iwo atapita ndinapitiriza ine. Pa njinga ndinkaima. Basi yakale ija inkakwera phirili ngati nkhalamba, ukamupempha kondakitala ankakumvera. Koma chibwerereni msewu uwu, minibasi siima pano. Ukanena amati madala azungulira mutu."

Zaka 15 anali asanapondepo.

Anatambasula manja n'kuyamba duwa motsitsa mawu. Ine ndinatsata tchalitchi cha amayi anga, koma ndinagwada pa phulusa paja n'kutambasula anganso. Atamaliza anandiuza dzina la malemuyo kawiri, n'kundilamula kuti ndilibwereze. Ndinalibwereza. Anati, "Kawirinso, mdzukulu." Pamwamba dalaivala anali akuliza hutala.

## Njirayi inayamba kale kumwa misozi

Sindinganame kuti zowawa za njirayi zinabwera ndi azungu okha. Agogo sankabisa, inenso sindibisa. Boma lisanabwere, mapazi anali atasalaza kale phirili. Kunkadutsa mizere ya anthu osenza minyanga ya njovu, ena ali m'magoli, kuchokera powolokera pa Mponda kuloza ku nyanja ya mchere. Obwerera ankabwera ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Ogulitsa anali mafumu athu omwe, ndipo ogulitsidwa ankalankhula zinenero zomwezi timamva lero pa msika wa Namwera.

Harry Johnston, mzungu woyamba kulamulira dziko lino m'malo mwa Britain, anamanga linga lake la Fort Johnston m'mbali mwa Shire mu 1891, moyang'anizana ndi mudzi wa Mponda, kuti atseke malonda amenewa. Mfumu Jalasi, yomwe azungu ankailemba kuti Zarafi, inali pamwamba pa phiri la Mangochi. Mu 1892 inabweza asilikali omwe anakwera kukaithira nkhondo, n'kuwalanda mzinga. Mu 1895 anabweranso ali ambiri, Jalasi n'kuthawira ku dziko la Apwitikizi, ndipo pa bwinja lake anamangapo Fort Mangochi. Dzina lomwe boma lathu lonse likudziwika nalo lero linachita kutsika kuchokera kuphiri kuno. Anthu a ku Lilongwe akamva kuti Mangochi amaona chambo ndi mchenga wa kunyanja. Ine ndimaona phiri lomwe limatuluka kuseri kwa nyumba ya agogo m'mawa nkhungu ikachoka.

Chomwe chimandipweteka ndi ichi. Mukaima pa Boma, pafupi ndi mlatho, mupeza kuti aliyense ali ndi pomukumbukira. Nsanja ya wotchi ndi ya Mfumukazi Victoria, yemwe sanapondepo dziko lino. Pambali pake pali mfuti ya sitima ya Guendolen, ija inawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pa gombe mu Ogasiti 1914. Pali chikumbutso cha anthu 145 omwe anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946, ndipo n'koyenera kuti chilipo. Ku Zomba kuli nsanja ya maina a asilikali. Koma mnyamata amene anasenza mpunga wa asilikaliwo mpaka kufera panjira ali pansi pa misuku, penapake pakati pa mwala ndi kona.

## Namwera amene ndinakuliramo

Tauni yathu ndi msewu basi. Mukauchotsa mutsala ndi midzi. Mashopu, mzikiti, chigayo, msika, zonse zinafola mbali ziwiri kuyang'ana pakati ngati anthu oonerera beni.

Mashopu akale a makonde aatali aja anamanga ndi Amwenye, omwe boma la Kamuzu linawachotsa m'madera a kumidzi m'zaka za m'ma 1970 kuti azichita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha. Ine ndinawapeza ali m'manja mwa anthu a konkuno, pa khonde lililonse pali telala ndi makina ake a Singer, akusoka mayunifolomu a sukulu ndi mikanjo ya pa Idi. Nyengo ya malonda a fodya ikafika, malole a m'maesiteti ankadutsa atasenza mabelo kupita ku okushoni ku Limbe, fungo lake n'kutsalira m'mwamba pamodzi ndi fumbi. Amayi amasimba za nkhondo ya ku Mozambique, isanathe mu 1992, anthu akulowa kuchokera ku Mandimba kudzera pa Chiponde, mitolo kumutu, ana kumbuyo, mapazi otupa. Ankafika n'kukhala pansi pa mtengo wa mango womwe unali pafupi ndi okala yathu, osapempha kanthu, kungokhala. Amayi ankabwereka mphika waukulu wa pa maliro n'kuwaphikira phala.

Za 1965 agogo ankazinena motsitsa mawu ngakhale Kamuzu atamwalira kale. Mu Febuluwale chaka chimenecho Masauko Chipembere ndi anthu ake analanda Boma la Fort Johnston usiku n'kuuyamba wa ku Zomba, koma anakakanika pa Liwonde chifukwa pantoni inali tsidya lina. Mkwiyo wa Kamuzu unagwera boma lonse. Msewu unadzaza asilikali ndi apayoniya, ndipo munthu wofuna kufika kwawo bwino ankadzera njira za m'tchire. Akuluakulu ambiri kwathu amakhulupirira mpaka lero kuti msewu wathu unakhala wopapatiza ndi wokumbika zaka zonse zija chifukwa cha mlandu umenewo.

Ulendo wa ku Boma, wa makilomita pafupifupi 40 okha, unali wolawirira tambala woyamba. Magalimoto awiri akakumana pa kona, imodzi inkabwerera chafutambuyo kufuna popatukira. Pa Shire panali mlatho wodutsa galimoto imodzi, matabwa ake akulira gubudu gubudu, amayi atandifinya dzanja mpaka tiwoloke.

## Penti yofiira

Ndinali mu Sitandade 7 pamene anthu ovala zipewa zachikasu anabwera ndi chitini cha penti. Pa khoma la okala ya amayi analembapo X wamkulu wofiira. Pa thunthu la mango uja analembaponso. Anayeza ndi tepi, analemba m'buku, anapita. Ndalama ya chipukuta misozi inachedwa, ndipo itabwera sinakwane ngakhale malata. Mtengowo unagwa ndi katapila m'mawa umodzi uli ndi maluwa, njuchi zikuzungulirabe nthambi zili pansi. Amayi anaima poteropo atagwira nsonga ya chitenje kukamwa, osalira, osayankhula.

Inali nthawi ya Bakili Muluzi, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Mlatho watsopano, womwe dziko la Japan linathandiza kumanga, unatenga dzina lake. Msewu watsopano wokwera phiri mpaka ku Chiponde, n'kukhotera ku Nselema ndi Ntaja kukatulukira cha ku Liwonde, nawonso umatchulidwa dzina lomwelo. Pa mapu, gawo lathu ndi M3.

Ine sindili m'gulu la osilira fumbi. Mlongo wanga atavutika pobereka mu 2011, ambulansi inatsika phiri lija osatha ola limodzi, ndipo mwana amene anabadwa usiku umenewo lero akuvala yunifolomu ya sekondale. Pa msewu wakale tikanaika maliro awiri. Tomato ndi masamba a kwathu amafika pa Boma asanafote, chambo chimafika ku Namwera chikadali chachiwisi. Amayi anamanganso okala, chakumbuyo pang'ono, ndipo amagulitsa kuposa kale. Wonyoza msewu umenewu sanadikirepo matola ndi wodwala pamiyendo.

Komabe msewu wakale unkafika ku Namwera, pomwe watsopanowu umangodutsa. Malole opita ku Cuamba ndi Lichinga amalowa m'tauni ndi liwiro la kutchire. Ana a sukulu amaima m'mbali nthawi yaitali kudikira mpata, njinga zamoto za kabaza zikupyoza paliponse. Ife tinkasewera chikulunga pakati penipeni pa msewu, galimoto ikamveka kutali n'kunyamula miyala ya magolo. Lero mayi aliyense wokhala m'mphepete mwa phula angakutchulireni mwana wa mnzake amene anagundidwa.

## Kubwererako

Agogo anamwalira mu Januwale 2017, kunyumba, mvula ikugwa. Tinawaika tsiku lomwelo monga mwa chipembedzo chawo. Usiku wake, ndili gone pa mphasa pakati pa abale, ndinazindikira kuti mwa anthu onse amoyo, wodziwa kona ija ndi dzina lija ndatsala ndekha. Azakhali tsiku lija anatsala m'galimoto. Tulo sitinabwerenso.

Chiyambire pamenepo msewuwu sindiuwerenganso ndi mphindi kapena ndalama yolipira. Ndikakwera minibasi ndimafuna mpando wa pa zenera la kuphompho. Ndafunsako anyamata a kabaza a kwathu ngati anamvapo za amtengatenga, ndipo onse amaganiza kuti ndikunena za unduna. Inde, liwu lomwe ankatchulira anyamata awiri aja ndi lomwelo timalimva pa wailesi tsiku ndi tsiku: nduna ya zamtengatenga yatsegulira msewu, nduna ya zamtengatenga yayendera mlatho. Ndikalimva tsopano ndimaona dazi la pa liwombo lija, lomwe sindinalione ndi maso anga.

Mu Seputembala chaka chatha ndinatenga mwana wanga wa zaka 9, tinakwera njinga yamoto kuchokera ku Namwera. Kona tinaiphonya kawiri chifukwa misuku yomwe ndinkadalira inali itadulidwa, m'malo mwake muli uvuni wa makala ukufuka. M'mbali mwa phula munali milu ya miyala yoswa yodikira ogula. Titatsetsereka tinapeza theka la khoma litagumulidwa. Mayi wina anali atakhala pansi, miyendo chitambalale, mwana kumbuyo, hamala m'dzanja. Mwala ankaugwira ndi kamphira ka teyala kuti usamuthawe, zala zake zili zoyera ndi fumbi, chimodzi chomangidwa kansanza.

Ndinabwera ndi mkwiyo pakhosi, koma nditaona zala zija unandithera. Miyala yake yomwe ija, ntchito yake yomwe ija, pa phiri lomwe lija.

Tinalonjerana. Kenako ndinati, "Amayi, ndikupempheni. Chigawo chatsalachi muchisiye. Pali manda."

Anaika hamala pansi msanga. "Pepani bambo, ife sitinkadziwa. Ndi andani agona pano?"

Ndinawauza mwachidule za anyamata awiri, za mpunga ndi kamwazi. Mwana wanga anali atagwira malaya anga, akumva nkhaniyi koyamba. Ndinatchula dzina lija kawiri n'kumuuza kuti alibwereze. Analibwereza. Mayi uja nayenso milomo yake inagwedera. Pamwamba pathu lole inadutsa ikutsika, mabuleki akulira, fumbi la phulusa n'kutigwera m'mutu.

"Nanga kumutu ndi kuti," anafunsa, "kuti tisamapondeko?"

Ndinakweza dzanja n'kuloza, kuyambira pa mwala womwe anakhalapo agogo mpaka pa kona ya kumtunda.